Sandton: Tauni ya Cuma Imene Inatsekera Kunja Mnansi Wake

Mlendo akafika ku Johannesburg nafunsa kumene kuli ndalama, amamulozera ku Sandton, kumpoto kwa mzindawo. Kumeneko ndiko kuli malikulu a mabanki ndi makampani akuluakulu, mahotela, nyumba zosanja zagalasi, ndi mayadi ozingidwa ndi makoma atali a waya wa magetsi. Ambiri amati palibe dera lina lolemera cotero mu Africa monse. Koma mbiri ya kalamuliridwe ka tauni imeneyi iri ndi phunziro limene khonsolo iriyonse iyenera kulisinkhasinkha.

Kale malowa anali mafamu ndi minda ya azungu olemera amene anali kuweta akavalo. Pa famu ina ya m'deralo, ya Liliesleaf ku Rivonia, ndipo apolisi anagwira a Walter Sisulu, a Govan Mbeki ndi anzao pa 11 July 1963. M'caka ca 1969 boma la tsankho linapatsa derali khonsolo yakeyake, ndipo dzina lakuti Sandton linapangidwa polumikiza maina awiri, Sandown ndi Bryanston. Sitolo zazikulu za Sandton City zinatsegulidwa mu 1973. Pamene makampani anayamba kuthawa pakati pa mzinda wa Johannesburg, ambiri anakamanga ku Sandton, ndipo m'caka ca 2000 msika waukulu wa masheya unasamukiranso komweko.

Tsidya lina la mseu waukulu wa M1 kuli komboni ya Alexandra, imene inakhazikitsidwa mu 1912, Sandton asanaganiziridwe nkomwe. Anali amodzi mwa malo ocepa m'mene munthu wakuda anali kuloledwa kugula puloti, ndipo a Nelson Mandela anakhalamo atangofika ku Johannesburg ali mnyamata. Kwa zaka zambirimbiri kunalibe magetsi. M'mawa uliwonse anthu a ku Alexandra anali kuwoloka kukaphika, kukacapa, kukalera ana ndi kukasamala maluwa kumayadi, ndipo madzulo anali kubwerera ku mdima ndi fumbi.

Apa ndipo pagona nkhani. Malire a khonsolo ya Sandton anasiya Alexandra kunja. Msonkho wonse wocokera ku masitolo, maofesi ndi nyumba zodula unali kugwira nchito mkati mwa Sandton mokha: miseu ya phula, nyali, mapaki ndi malo owerengera mabuku. Alexandra anali ndi ulamuliro wapadera wopanda pokhometsa msonkho wokwanira, motero unali kudalira lendi ndi ndalama zolipitsa anthu osauka omwewo. Thukuta la wanchito linalemeretsa tauni imene sinali kumuwerengera monga nzika yake. Ndico cifukwa cake omenyera ufulu m'makomboni anali kufuula kuti mzinda ukhale umodzi, ndipo thumba la msonkho likhalenso limodzi.

Ufulu utabwera mu 1994, khonsolo ya Sandton inathetsedwa, ndipo Sandton ndi Alexandra anaikidwa pansi pa ulamuliro umodzi. Mu 1996 msonkho wa nyumba ndi malo unakwezedwa kwambiri kuti ndalama zifike ku madera osauka. Eni nyumba ambiri ku Sandton ananyanyala kulipira, ndipo makampani ena, motsogozedwa ndi kampani ya inshuwalansi ya Fedsure, anakasuma. Mlanduwo unafika ku bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, koma mu 1998 odandaulawo sanapambane. M'caka ca 2000 makhonsolo onse a m'deralo anaphatikizidwa kukhala khonsolo imodzi ya mzinda wa Johannesburg, ndipo pambuyo pake Sandton ndi Alexandra anaikidwa m'cigawo cimodzi cochedwa Region E.

Ici cinali cigonjetso ca cilungamo, ndipo ciyenera kuyamikiridwa. Komabe kufafaniza malire pa mapu ndi nchito yopepuka. Kufafaniza malire m'miyoyo ya anthu ndi nchito ina. Kalembera wa 2011 anapeza anthu oposa 220,000 ku Sandton pa malo oposa masikweya kilomita 140, pamene ku Alexandra anthu pafupifupi 180,000 anali opanikizana pa masikweya kilomita 7 okha. Mu 2001 a Thabo Mbeki anakhazikitsa nchito yokonzanso Alexandra ya ndalama zokwana R1.3 biliyoni. Nyumba zina ndi miseu zinamangidwa, koma zisakasa za m'mphepete mwa mtsinje wa Jukskei sizinathe, ndipo mu April 2019 anthu a m'kombonimo anatseka miseu podandaula za nyumba, zinyalala ndi zimbudzi.

Umphawi wokhala moyang'anizana ndi cuma umabala ukali, ndipo ukaliwo kawirikawiri umagwera munthu wosalakwa. Ziwawa zomenya alendo za mu May 2008, zimene zinapha anthu 62 m'dziko lonselo, zinayambira ku Alexandra. Ambiri mwa ovutikawo anali anthu ocokera ku Mozambique, Zimbabwe, Malawi ndi maiko ena, amene anapita ku Joni kukafuna nchito monga momwe anacitira makolo ao. Ndipo anthu a ku Sandton nawonso sagona tulo tabwino: amalipira msonkho ku khonsolo, nalipiranso alonda a makampani, nawonjezera kutalika kwa makoma.

Palibe cifukwa cakuti Zambia, dziko limene linasunga likulu la ANC mu Lusaka pa nthawi ya nkhondo ya ufulu, liwerenge mbiriyi monga nthano ya kutali. Kabulonga ali pafupi ndi Kalingalinga ndi Mtendere, ndipo ambiri ogwira nchito kumayadi amagona kukomboni. Mwayi wa Lusaka ngwakuti madera onsewa ali pansi pa khonsolo imodzi. Kolera wa 2023 ndi 2024, amene anacititsa kuti bwalo la masewera la National Heroes lisanduke cipatala, anaonetsa poyera mtengo wa kusiya makomboni opanda madzi abwino ndi ngalande.

Boma linacita bwino mu 2022 pokweza thumba la citukuko la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse la phungu. Cotsala ndi ca makhansala ndi eni nyumba. Wokhala kumayadi alipire msonkho wake pa nthawi yake, osanyinyirika pomva kuti wakakumbira ngalande ku Kanyama. Khonsolo nayo ionetse poyera kumene ndalamazo zapita, pakuti munthu salipira mokondwa ngati saona cipatso cake. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Sandton anacedwa kumva mau amenewa, ndipo Johannesburg akali kulipira ngongole yake.