Chimbudzi Chamadzi Chikatsekeka, Banja Lisadikire Pulambala

Zimbudzi zamadzi sizilinso za m'tauni mokha. Zikupezeka m'nyumba za aphunzitsi ndi anamwino, pa zipatala zazing'ono, pa malo a malonda, ndiponso m'nyumba zimene ana ogwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Joni amangira makolo awo kumudzi. Chimbudzi chinafika, koma pulambala sanafike nacho. Motero chikatsekeka, mwini nyumba amangomanga chitseko ndi waya, nanena kuti adzaitana mmisiri akadzalandira ndalama pakutha pa mwezi. Kwa masabata onsewo banja limadzithandiza kuseri kwa nyumba kapena m'munda wa chimanga, ndipo ntchentche zimachita phwando.

Kudikira kotereku n'kulakwa, ndipo mtengo wake umaposa wa pulambala. Kolera anafika m'Malawi koyamba m'chaka cha 1973. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira m'maboma onse ndipo unapha anthu oposa 1,700, kotero kuti mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Kachilombo ka kolera kamayenda kuchokera m'zonyansa za munthu kufikira pakamwa pa mnzake, kudzera m'madzi, m'manja ndi pa chakudya. Kamwazi ndi njoka za m'mimba zimadzera njira yomweyo. Chimbudzi chotsekeka chiyenera kutsegulidwa tsiku lomwelo, ndipo kawirikawiri eni nyumba angathe kuchita zimenezi ndi zipangizo zimene ali nazo kale.

Kunsi kwa mbale ya chimbudzi kuli paipi yokhota imene imasunga madzi nthawi zonse. Madziwo ndiwo amatchinga fungo ndi ntchentche kuti zisabwerere m'nyumba. Pokhota pamenepo m'popapatiza, ndipo zinthu zambiri zimakodwa pomwepo, pafupi kwambiri, posafuna kukumba kapena kumasula paipi. Zimene zimakodwazo n'zodziwika: zitsononkho, timiyala, nsanza, nyuzipepala yokwinya, mapepala a m'kope, matewera ndi nsalu za amayi akakhala kumwezi. Dzenje la chimbudzi chokumba limameza zonsezi mosadandaula, n'chifukwa chake munthu amene anakulira kumudzi saona cholakwa poziponya m'mbale. Mlendo alibe mlandu. Mlandu uli ndi mwini nyumba amene amachita manyazi kuuza apongozi ake kuti m'chimbudzi muno mumalowa madzi ndi pepala lofewa basi, ndiye mawa lake n'kumadandaula kuti chimbudzi n'choipa.

Madzi akayamba kukwera m'mbale m'malo motsika, munthu asagujumulenso. Ambiri amagujumula kachiwiri ndi kachitatu poganiza kuti mphamvu ya madzi ikankha, koma chotsatira chake ndi zonyansa pansi ponse. Atseke mpopi wolowetsa madzi m'thanki, atsegule zenera, ndipo ana awatulutse. Ntchitoyi ndi ya munthu wamkulu. Si bwino kutuma mwana, monga amachitira makolo ena amene amaona ngati kugwira chimbudzi kuwachotsera ulemu.

Avale magolovesi, kapena ngati palibe, majumbo awiri osabooka ku dzanja lililonse, omangidwa pamwamba pa chigongono. Atunge madzi a m'mbale ndi chitini chakale kufikira atatsala ochepa, nawathira m'ndowa yosagwiritsidwa ntchito m'khichini. Ngati chotsekacho chikukhudzika, thewera kapena chidole cha mwana, achitulutse ndi dzanja. Kuchikankhira m'kati ndi kungosamutsa vuto kupita nalo kumene dzanja silifika.

Ngati palibe chokhudzika, athire sopo wamadzi kapena wa ufa wosungunula, pafupifupi theka la kapu, kenaka madzi otentha bwino koma osawira. Madzi owira angang'ambe mbale, chifukwa ndi yadothi lowotcha monga kapu ya tiyi. Adikire mphindi 20 kuti mapepala afewe, ndipo akatero akhuthule ndowa ya malita 10 mwakamodzi kuchokera m'chiuno, kulunjika pa bowo. Kulemera kwa madziwo nthawi zambiri kumakwanira.

Zikakanika, pafunika kupopa. M'masitolo a zomangira amagulitsa chipangizo cha labala chokhala ndi mpini, chimene nyumba iliyonse ya chimbudzi chamadzi iyenera kukhala nacho monga momwe imakhalira ndi tsache. Kumene kulibe, mopu wovekedwa jumbo ndi kumangidwa zolimba pa mpini amagwira ntchito yomweyo. Chinsinsi chake n'chakuti bowo litsekeke lonse ndipo mutu wa mopu umire m'madzi, pakuti chimene chimakankha ndi madzi, osati mpweya. Akankhe pang'onopang'ono poyamba, kenaka mwamphamvu, kukankha ndi kukoka maulendo 15 kapena 20. Kukokako n'kofunika ngati kukankha komwe, chifukwa ndiko kumagwedeza chotsekacho. Madzi akatsika ndi phokoso, njira yatseguka. Waya wofewa wopinda kumapeto ngati mbedza angathandize kukoka nsanza, koma chitsulo kapena mtengo wosongoka zimaswa pokhota paja, ndipo pamenepo pafunika mbale yatsopano.

Pali ena amene amathamangira mankhwala. Soda wa kositiki, yemwe ena amapangira sopo, amawotcha khungu ndipo dontho lake lingachititse khungu m'maso; komanso sasungunula chitsononkho kapena mwala. Choopsa koposa ndicho kusakaniza Jik ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi monga Harpic. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa kolorini umene umabanikitsa munthu m'kachipinda kakang'ono.

Pamene zonsezi zalephera, munthu apite panja akatukule chivundikiro cha kadzenje ka simenti kamene paipi ya chimbudzi imadzerapo. Kadzenjeko kakakhala kopanda madzi, chotsekacho chili pakati pa mbale ndi pamenepo, ndipo kupopa kupitirire. Kakakhala kodzaza, vuto lili kutsogolo: mizu ya mitengo yalowa m'paipi, kapena thanki ya zonyansa yadzaza. Apa mpamene mphamvu ya banja yathera ndipo mmisiri kapena galimoto yopopa ifunikadi. Munthu asalowe konse m'thankiyo, ngakhale kuzyolikamo mutu, chifukwa mpweya wake umakomola msanga, ndipo wofuna kupulumutsa mnzake amagweranso momwemo. Podikira mmisiriyo, banja ligwiritse ntchito chimbudzi chokumba. Amene anakwirira chokumba tsiku lomwe anaika chamadzi anafulumira, pakuti kumudzi madzi a m'mipope amasiya kawirikawiri.

Ntchito siinathe madzi akatsika. Zotungidwa zija pamodzi ndi majumbo zikwiriridwe m'dzenje, mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena pa mjigo, osati kutayidwa m'ngalande. Pansi, pa mbale, ndowa ndi mpini wa mopu zitsukidwe ndi kapu imodzi ya Jik m'makapu 6 a madzi, sopo uja atatsukuluzidwa kale. Wogwira ntchitoyo asambe m'manja mpaka m'zigongono ndi sopo, kapena phulusa ngati sopo watha, asanagwire chakudya kapena mwana. Wina m'nyumbamo akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi m'masiku 5 otsatira, amwe Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo apite naye kuchipatala akumwabe m'njira.