Kangaude Wolumpha Ayenera Dzina Lake

Monga Adamu anatcha maina zamoyo zonse m'Edeni, momwemonso Carl Ludwig Koch, m'chaka cha 1846, anapatula akangaude aakulu olumpha, osatchera nyama ndi ukonde, nawatcha Hyllus, fuko limene mbumba yake yafalikira mu Africa, ku Madagascar ndi ku Asia. Wamkulu mwa iwo, Hyllus giganteus wa ku Sumatra, amafika masentimita 2.5, pomwe kuno kummwera kwa Africa tili naye Hyllus treleaveni. Komatu ife, pomuona pakhoma atatembenuka natiyang'ana ndi maso ake awiri aakulu akutsogolo, mwa asanu ndi atatu amene ali nawo, timathamangira tsache, osadziwa ngakhale mtundu wake, ndipo ichi chimandiwawa mtima. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu aphunzitsi athu, tulukani nawo ana panja, akamuone mlenje ameneyu akugwira ntchentche.