Pa mapu a Orwell ife ndi munda chabe

Ndatopa nawo anzanga ophunzira amene akangotchula 1984 ya George Orwell amathamangira kwa Big Brother ndi makamera. Abale, tayang'anani mapu a m'bukumo. Nkhani yathu yagona pamenepo.

M'buku limeneli, lomwe linatuluka mu 1949, dziko lapansi lagawidwa kwa zimphona zitatu: Oceania, Eurasia ndi Eastasia. Kummwera kwa Africa, kwathu kuno, anangokuponya m'thumba la Oceania limodzi ndi America, Britain ndi Australia. Chigawo chapakati, kuyambira ku Tangier ndi Brazzaville kukafika ku Hong Kong ndi Darwin, zimphonazo zimangolandana chifukwa kuli antchito otchipa. Buku lonselo kutha, palibe munthu wa mu Africa amene watsegula pakamwa.

Ena amati umenewu ndi ulosi. Ulosi wanji? Munthu wa ku Mitundu akadzuka amaona mapiri a Dzalanyama. Pamwamba pakepo padutsa malire a Malawi ndi Mozambique, omwe Angelezi ndi Apwitikizi anapangana mu 1891 osafunsako Mchewa ndi mmodzi yemwe. M'mapiri omwewo muli Kaphirintiwa, pomwe makolo amati anthu oyamba anasiya mapazi awo pathanthwe. Lero Achewa tili m'mayiko atatu, ndipo kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika mpaka tidutse pa boda. Orwell sanalote ayi. Anagwirapo upolisi wa atsamunda ku Burma, ankadziwa mmene mapu otere amajambulidwira.

Chondiwawa n'chakuti achinyamatafe tayamba kusankha zimphona ngati matimu a mpira. Pa WhatsApp uyu ngwa Russia, uyo ngwa China, winayo ngwa America, mpaka bando kutha. Tili mkati mokangana choncho, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals yayeza kale rutile ku Kasiya, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe. Ndi angati mwa ife afunsako kuti mwini munda apeza chiyani? Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, paja timatero. Koma udzu wochemerera njovu ndiye sindinaumvepo.

Shadreck Chikoti, m'buku lake la Azotus the Kingdom, anaonetsa kuti Mmalawi angathe kulemba za tsogolo la Africa. Tsono ndikufuna lina, la m'Chichewa, lomwe mapu ake ayambire ku Nathenje, zimphonazo zizingomveka patali ngati mabingu, woyankhula akhale mayi amene munda wake aulemba manambala. Alembi anzanga, mukudikira kuti atilembere ndani?