Opaleshoni ya ubongo imayambira pa chithunzi, chithunzi chimayambira kusikelo

Chichokereni 2023 pomwe chipatala cha Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chodziwika kuti LION, chinatsegulidwa pa Kamuzu Central mothandizidwa ndi anthu a ku Norway, odwala a m'chigawo chapakati ofuna opaleshoni ya ubongo ali ndi malo apafupi opitako. Kwa kholo la ku Mayani, njira yake ndi iyi: chipatala cha Mayani chimatumiza wodwala ku chipatala cha boma ku Dedza, ndipo a ku Dedza amamutumiza ku Lilongwe. Koma dokotala wa ubongo sagwira mpeni asanaone chithunzi cha m'kati mwa mutu. Funso ndi lakuti, mwanayo amafika pa makina ojambulawo nthawi ikadalipo?

Titenge matenda a madzi m'mutu, omwe madokotala amati hydrocephalus. Ubongo uli ndi timapanga momwe mumapangidwa madzi oteteza ubongo ndi msana, ndipo munthu wamkulu amapanga pafupifupi theka la lita patsiku. Njira ya madziwa ikatsekeka, amadzadza m'timapangamo ndi kufinya ubongo. Kwa ana ambiri kuno ku Africa izi zimadza pambuyo pa matenda oumitsa khosi kapena matenda ena ogwira khanda litangobadwa. Ena amabadwa ndi chotupa pamsana, kenako mutu nkuyamba kukula.

Pali njira zitatu zoonera m'mutu. Khanda lomwe liwombo lake silinatseke, lomwe kawirikawiri limatseka mwana akamakwana chaka ndi theka, amatha kuliunika ndi makina a sikani ofanana ndi amene amaunikira amayi oyembekezera, podutsira paliwombo. Makina a CT amajambula mutu ndi X-ray kuchokera mbali zonse m'mphindi zochepa chabe, ndipo amaonetsa bwino magazi otayikira m'mutu. Makina a MRI amagwiritsa ntchito maginito, alibe X-ray, ndipo amaonetsa ubongo mwatsatanetsatane, koma amafuna kuti wodwala agone osagwedezeka kwa nthawi yaitali.

Chithunzicho ndi chimene chimasankha opaleshoni. Chikaonetsa kuti madzi atsekeka pakanjira kamodzi, dokotala angathe kulowetsa kachida ka kamera ndi kuboola kabowo pansi pa kaphanga kachitatu kuti madzi apeze njira ina. Njirayi inakonzedwa bwino kwa makanda ndi Dr. Benjamin Warf pa chipatala cha CURE ku Mbale, Uganda. Pafupi ndi pobowolapo pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi, choncho dokotala amafuna kuuona asanayambe. Njira ina ndi kuika kapaipi koonda kochokera m'mutu, kudutsa pansi pa khungu mpaka m'mimba. Kapaipi kamathandiza ana ambiri, koma kamatha kutsekeka kapena kugwidwa ndi tizilombo, ndipo banja la kutali ngati ku Mayani liyenera kudziwa kuti zikatero mwana abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Malawi yaona kale zomwe chithunzi chingaulule. Makina oyamba a MRI anafika pa Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 kudzera mu kafukufuku wa malungo wotsogozedwa ndi Dr. Terrie Taylor. Mu 2015 ofufuzawo analengeza kuti mwa ana 168 odwala malungo a mu ubongo omwe anawajambula, ambiri mwa omwe anamwalira anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Pa chipatala chomwecho ayesanso makina aang'ono a MRI oyenda pa mateyala, omwe amafika pabedi pa wodwala.

Komabe makina otere ali m'zipatala zazikulu za m'mizinda, ndipo madokotala a opaleshoni ya ubongo m'dziko muno ndi owerengeka. Ubongo womwe wafinyika kwa miyezi yambiri suchira wonse ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Apa ndipo pali gawo la alangizi a zaumoyo, mavolontiya ndi makolo. Mutu wa khanda lobadwa kumene umakhala pafupifupi masentimita 35 kuzungulira. Kuuyeza ndi tepi kusikelo mwezi ndi mwezi ndi kulemba m'buku la mwana kumaonetsa msanga ngati ukukula mothamanga. Onaninso liwombo lotupa pomwe mwana sakulira, mitsempha yooneka pamutu, maso oyang'ana pansi, kusanza ndi kugona kwambiri. Musamate mankhwala paliwombo lotere kapena kulitemera mphini, ndipo si ufiti. Pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu.

Chimodzimodzi munthu amene wagwa pa kabaza ndi kumenyetsa mutu. Amatha kudzuka, kuyankhula bwinobwino, patapita maola nkuyamba kusanza, kusokonezeka kapena kuwodzera chifukwa magazi akuunjikana m'chigaza. CT ndiyo imaonetsa mbali yoti atsegule. Wotere musamugoneke kunyumba kudikira kuti kuche.

Mukafika ku Lilongwe, funsani dokotala akuonetseni chithunzicho, akuuzeni opaleshoni yomwe asankha ndi zizindikiro zoti mubwerere nazo msanga. Sungani buku la mwana ndi zotsatira zonse, chifukwa chithunzi choyamba ndi chimene adzayerekezere ndi chotsatira.