Gitala ya Paul Ngozi ndi kalimba ya Ansenga n'zapachibale

Akuluakulu anzanga kuno ku Petauke amakonda kunena kuti mnyamata akagwira gitala yamagetsi n'kuiliza mokalipa, ndiye kuti wataya mwambo, watengeka ndi zachizungu. Ine ndimakana, ndipo mboni yanga ndi malemu Paul Ngozi.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949. Anayamba kudziwika m'gulu la Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga, kenako anapanga lake, Ngozi Family, Chrissy Zebby Tembo ali pang'oma. Inde, anamvera Jimi Hendrix, mpaka kuliza gitala ndi mano monga iye. Gule wa James Brown anamufika m'magazi. Koma tamverani chimbale chake cha Day of Judgement cha mu 1976, kapena 45,000 Volts cha mu 1977. Gitala ikulira ngati macheka pa mukwa wouma, koma nkhani zake ndi za m'makomboni a Lusaka, zina m'Chingerezi, zina m'Chinyanja chathu chomwechi. Mzungu uti anamuphunzitsa zimenezo? Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, akuluakulu anatero, koma mutu wometedwa unali wathu ndipo wometa anali ife.

Nyimbo zimenezi, zomwe lero amazitcha Zamrock, sizinangomera zokha. M'zaka za m'ma 1970 pulezidenti Kaunda analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za m'Zambia. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ku Ndola ndi kampani ya Teal anali kutulutsa zimbale. Magulu monga WITCH ndi Amanaz anapeza pogulitsa. Mtengo wa kopa utagwa, ndalama zinasowa, madisiko analanda malo a mabandi, ndipo Edzi inatenga oyimba ambiri. Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Anamukumbukira ndi msewu ku Kabwata, basi.

Tsopano taonani amene akutola zimene tinataya. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale zakalezo. Jagari Chanda wa WITCH, amene anafika pokumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya, anabwereranso pa siteji ndipo mu 2023 gulu lake linatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa Nizakupanga Ngozi n'kuiika m'nyimbo yake Noid. Ana a ku Chicago akuvina Chinyanja chimene sachimva, pamene mdzukulu wanga, amene amachimva bwinobwino, anadziwa Ngozi kudzera mwa Tyler. Zinandiwawa, sindibisa.

Ndiye wina afunse: za Lusaka ndi Kopala zikutikhudza bwanji ife a kum'mawa? Zikutikhudza chifukwa mbewu ili kwathu. Mu 1961 John Blacking ndi Raymond Apthorpe anayenda m'midzi ya boma la Petauke akujambula nyimbo za Ansenga: kalimba, ng'oma, nyimbo za pamtondo ndi za pamowa. Kampani ya Folkways inazitulutsa pa zimbale zotchedwa Music from Petauke of Northern Rhodesia, ndipo mpaka lero zikusungidwa ku Smithsonian, ku Washington. Blacking analemba nkhani yonse ya mmene zala ziwiri zazikulu zimasinthanirana pa kalimba ya Ansenga. Aliyense amene anagwirapo gitala akamva kusinthana kumeneko amadziwa pomwepo kuti chala chimodzi ndi besi, china ndi lidi. Bandi yonse ili m'kathabwa kokwana m'manja.

Anyamata aluso tili nawo. Pa Nyimba, pomwe mabasi a ku Chipata amaima anthu n'kugula nthochi, kapena m'midzi ya kwa Ndake ndi kwa Nyalugwe, mwana amakhoma banjo ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, n'kuliza mpaka amayi ogulitsa kuiwala chenji. Akakula, banjo amaiponya kuseri kwa nkhokwe. Amapita ku situdiyo ya chipinda chimodzi, komwe kompyuta imamupatsa biti yofanana ndi ya mnzake wa ku Katete ndi wa ku Lagos. Sindikunyoza kompyuta ayi. Nyimbo zina za anawa ndimazikonda. Koma kompyuta siingakuuzeni mmene ng'oma imagwera pa mwambo wa Tuwimba, kwa mfumu Kalindawalo. Zimenezo zimafuna munthu amene anakhalapo pafumbi, kenako n'kukhala miyezi akuvutana ndi nsambo mpaka zala kuchita zikang'a.

Mwambo umafa ukatsekeredwa m'thumba n'kumatulutsidwa kamodzi pachaka alendo akabwera. Ngozi sanaupemphere chilolezo, anangoulumikiza ku magetsi.

Choncho pempho langa lipite kwa awiri. Inu a mawailesi athu a m'maboma, patulani ola limodzi pa sabata la Zamrock ndi nyimbo zakale za Ansenga, muziziika motsatizana kuti ana amve okha ubale wake. Inu a makomiti a CDF, thumba la chitukuko cha m'madera lija linakwera kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lili ndi gawo la maluso a achinyamata. Kusoka ndi ukalipentala n'zabwino, koma kuyimba nakonso ndi ntchito. Gulani magitala, ampu ndi ng'oma, muziike pa sukulu imodzi ku Petauke ndi ina ku Nyimba, ndipo muitane agogo odziwa kalimba adzaphunzitse akadali moyo.