CIPUPA CA ANTHU ONSE SI CIKWANGWANI CA NJUGA

Acinyamata anzanga, m'mizinda ikulu-ikulu ya dziko lapansi kwabuka luso limene likukopa anthu miyanda-miyanda. Dzuwa likangolowa, nyumba ya miyala imene masana inali duu imayamba kuyenda. Mazenera amasanduka maso, nsanamira zimaphuka masamba, cipupa cimang'ambika n'kugwa pansi, kenaka n'kudzimanganso cokha anthu akupenya. Koma palibe njerwa ngakhale imodzi imene yasuntha. Zonsezo ndi kuwala cabe. Pa Cingelezi luso limeneli amalicha projection mapping.

Kukongola kwake ine sindikana ai. Cimene ndikana ndi cakuti aliyense wa thumba lolemera agule cipupa ca anthu onse, awalitsepo cimene afuna, ife n'kumangowomba m'manja cifukwa mitundu yake yatikomera m'maso. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tsono tiung'ambe mkuyu umenewu tione.

Mmene amacitira

Ambiri a inu munaonerako filimu ya pabwalo, imene amamanga nsalu yoyera pa mitengo iwiri n'kuika pulojekita patsogolo pake. Nsalu ija ndi yosalala, ndiye cifukwa cake cithunzi cimakhala bwino. Nyumba si yosalala. Ili ndi mazenera, zitseko, nsanamira, makona ndi denga. Mukangoiwalitsira filimu, nkhope za anthu zimapindika ngati munthu wodziyang'ana pa supuni.

Conco akatswiri amayamba apima nyumba yonse, pogwiritsa nchito makamera kapena makina a laser, ndipo amaumba cifaniziro cake pa kompyuta. Akatero amajambula zithunzi zogwirizana ndi cifaniziroco, kuti mzera uliwonse wa kuwala ukagwe pamalo pake peni-peni: wa zenera pa zenera, wa nsanamira pa nsanamira. Akajambula mthunzi pamene palibe mthunzi, diso limanyengeka n'kuona ngati cipupa calowa m'kati. Pa nyumba yaikulu pulojekita imodzi sikwanira. Amaika ambiri, aliyense ndi cigawo cake, ndipo polumikizana pake amasakaniza kuwala kuti pasaoneke msoko. Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mu 1969 ku Disneyland, m'dziko la America, anawalitsira nkhope za anthu oimba pa ziboliboli, ndipo ziboliboli zija zinaoneka monga zamoyo.

Tsopano mvetsetsani apa, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Luso limeneli lilibe citseko, lilibe tikiti. Wolemera ndi wosauka amaima pamodzi n'kuona cinthu cimodzi. Ubwino wake ndi umenewu. Koma kuopsa kwake ndi komwekonso. Wailesi mungaitseke. Nyuzipepala mungaipinde. Nanga nyumba yaitali yowala pakati pa mzinda mungaitseke bwanji? Mwana amene akubwerera kwao ndi amai ake aona ndithu, afune asafune.

Za ku Sydney

Ku Sydney, m'dziko la Australia, kuli nyumba yochuka ya nyimbo ndi masewero, dzina lake Sydney Opera House. Inatsegulidwa mu 1973, ndipo mu 2007 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Denga lake ndi loyera, looneka ngati matanga a ngalawa. Kuyambira mu 2009, pa cikondwerero ca Vivid Sydney, amisiri akhala akuwalitsapo zojambula zao. Mu 2017 anayambanso kuonetsapo, madzulo alionse, zojambula za eni nthaka a dzikolo, anthu amene atsamunda anawalanda malo ndi kuwanyoza zaka zambiri. Cionetseroco anacicha Badu Gili, kutanthauza kuwala kwa pamadzi m'cinenero ca eni malowo. Anthu amene anakankhidwira kumbuyo anaoneka pa denga lochuka koposa m'dziko lao. Apo kuwala kunagwira nchito yabwino.

Koma mu Okutobala 2018 kunabwera anthu ena. Eni mpikisano wa mahachi wochedwa The Everest, umene mphoto yake caka cimeneco inali madola 13 miliyoni a ku Australia, anafuna kulengeza mpikisano wao pa denga lomwelo. Musanamizidwe, acinyamata, mpikisano wotere suli pa kukonda nyama. Umayenda ndi ndalama za anthu ochova njuga. Ndipo anthu a ku Australia ali m'gulu la amene amataya ndalama zambiri pa njuga padziko lonse.

Mkulu woyang'anira nyumbayo, Mai Louise Herron, anakana kuikapo dzina ndi cizindikiro ca mpikisanowo. Muulutsi wina wochuka, Alan Jones, anawakalipira pa wailesi nati acotsedwe nchito. Mtsogoleri wa boma la cigawoco, Mai Gladys Berejiklian, analamula kuti cionetseroco cicitike. Nduna yaikulu ya dziko, Scott Morrison, inavomereza, nkunena kuti nyumbayo ndiyo cikwangwani cacikulu koposa cimene Sydney ali naco.

Mwamva? Cikwangwani! Nyumba imene mtundu wonse umanyadira, m'maso mwa mtsogoleri inasanduka thabwa lolembapo malonda.

Anthu wamba sanagone. Oposa 200,000 anasaina kalata yokana. Usiku wa pa 9 Okutobala, pamene makina anayatsidwa, khamu linasonkhana pansi pa nyumbayo ndi matochi ndi nyale zamphamvu, n'kuwalitsa pa denga kuti zithunzi za njuga zisaoneke bwino. Sanaponye mwala. Sanaswe zenera. Kuwala anakuyankha ndi kuwala.

"Koma ndi kuwala cabe"

Ndidziwa cimene ena a inu mukunena mumtima. Mukuti: "Aa, bwanji kukulitsa nkhani? Si penti. Sikuononga cipupa. Pakapita mphindi zocepa azima, m'mawa nyumba ili mbee monga kale."

Ngati ndi conco, ndiyankheni: n'cifukwa ciani anthu a ndalama anamenyera nkhondo mphindi zocepazo mpaka kufika kwa atsogoleri a boma? Wamalonda sataya thukuta pa cinthu copanda phindu. Iwo adziwa kuti kuwala kukazima pa cipupa, sikuzima m'mutu mwa amene anaona, ndiponso zithunzi zimene anthu ajambula zimayenda dziko lonse.

Umboni wake tiutenge ku London, pa nkhani imene ife a ku Zambia sitingaiwale. Mu 1985 tsankho la apartheid linali pacimake ku South Africa. Boma la P. W. Botha linali litalengeza lamulo la nthawi ya cipwirikiti, anthu akuda anali kuphedwa m'makomboni, ndipo likulu la ANC linali kuno kwathu ku Lusaka. Caka comweco mmisiri wina wobadwira ku Poland, Krzysztof Wodiczko, anapatsidwa nchito yowalitsa zithunzi pa cipilala ca Nelson pa bwalo la Trafalgar Square. M'mbali mwa bwalolo muli South Africa House, nyumba ya kazembe wa dziko lija. Usiku wina mmisiriyu anatembenuza pulojekita yake n'kuwalitsa cizindikiro ca cipani ca Nazi pamwamba pa nyumba ya kazembeyo. Sanali kutamanda Hitler ai. Anali kuloza cala, kunena kuti tsankho la m'nyumba iyi ndi mbale wake wa lija. Panapita maola ngati awiri apolisi n'kumuletsa. Maola awiri cabe, koma cithunzi ca usiku umenewo cikali kusindikizidwa m'mabuku mpaka lero. Kodi apolisi akanavutikiranji kukadakhala kuti ndi kuwala cabe?

Wina adzati: "Tsono iwe uli ndi tsankho. Wa ku London ukumutama, a ku Sydney ukuwadzudzula, pamene onse anagwiritsa nchito nyumba ya eni." Kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu. Wa ku London ananena zoona zokhudza nyumba yomweyo, zimene miyala yake yoyera inali kubisa, ndipo sanagulitse kanthu kwa munthu. A ku Sydney analibe nkhani ndi nyumba ija. Anafuna ulemu wake cabe, kuti aubwereke n'kuuveka njuga, monga mbala yobvala jekete ya m'busa kuti anthu aitsegulire citseko.

Kuwala kophimba

Si amalonda okha amene tiyenera kucenjera nao. Maboma naonso amakonda nyale. Mu Febuluwale 2024 boma la mzinda wa Tokyo, ku Japan, linayamba kuwalitsa zithunzi pa likulu lake usiku uliwonse. Malo owalitsidwawo ndi aakulu kuposa masikweya mita 13,000, pafupi-fupi mabwalo awiri a mpira, ndipo a Guinness anavomereza kuti cionetsero cokhazikika cotere cinali cacikulu koposa padziko. Koma anthu a mumzindawo anayamba kufunsa za ndalama za msonkho zimene zinalowa pamenepo. Anafunsa cifukwa pansi pa nyumba yomweyo, Loweruka lililonse, anthu osowa anali kuima pa mzera kulandira cakudya kwa mabungwe acifundo. Pamwamba mitundu ya utawaleza, pansi mimba zolira.

Sindikuti mzinda usakongole mpaka wosauka womaliza atakhuta. Wosauka nayenso ali ndi maso, ndipo cokongola amacifuna. Koma pali kuwala koonetsa, ndipo pali kuwala kothobwa m'maso. Kwina kumakuthandizani kuona mzinda wanu, kwina kumakukwezani mutu kumwamba kuti musaone amene wakhala pa mapazi anu.

Nanga ife zitikhudza bwanji?

Mwina mukuti izi ndi za kutali. Kale mafoni a m'manja analinso za kutali. Makina amatsika mtengo caka ndi caka, ndipo cimene cayamba ku Sydney ndi ku Tokyo sicicedwa kufika pa Cairo Road. Funso ndi lakuti: cikafika, ndani adzayamba kukhala ndi ndalama zolipirira? Kodi ndi mtsikana wojambula bwino wa mu gulu lanu? Kapena ndi aja amene adzaza kale misewu yathu ndi zikwangwani za mowa ndi za kubecha mpira? Inu nomwe mudziwa anzanu amene ndalama za sukulu zinathera pa kubecha. Mudziwa nyumba zimene mulibe mtendere cifukwa ca njuga. Taganizani tsono ciboliboli ca Ufulu ku Lusaka, munthu uja wodula maunyolo, atamuwalitsa usiku ndi mitundu ya kampani ya njuga. Kodi mudzati, "Eee, koma yaoneka bwino"?

Madzi saiwala khwawa. Amene anagula mphepete mwa msewu adzafunanso zipupa, ndipo akapeza anthu ongoti kukamwa yasa adzazitenga mosavuta. N'cifukwa cake maso ayenera kuphunzitsidwa nyale zisanayatsidwe. Mukaona kuwala pa nyumba ya anthu onse, kaya ndi maso anu kaya pa foni, musafulumire kuwomba m'manja. Funsani: walipira ndani? Afuna kuti ndicite ciani ndikacoka pano? Kodi anthu a pamalopo anafunsidwa? Ndipo inu amene muli ndi mphatso ya kujambula, inu okonda kompyuta, phunzirani luso limeneli. Musalisiyire amalonda. Tili ndi nkhani zathu zoyenera cipupa cacikulu: nthano za agogo, nkhope za amene anamenyera ufulu, mitengo imene tikuitsiriza ndi makala.

Pomaliza, mverani za mzinda wa Lyon ku France, kumene caka ndi caka kumacitika cimodzi mwa zikondwerero zazikulu za kuwala, cokopa anthu pafupi-fupi 2 miliyoni m'masiku anai. Ciyambi cake sicinali makina. Mu 1852 anthu a kumeneko anakonza zokhazika ciboliboli ca Maria pa phiri la Fourvière. Tsiku loyamba, 8 Seputembala, linalephereka cifukwa mtsinje wa Saône unasefukira. Anasankha 8 Disembala, koma tsikulo kunagwa cimvula camkuntho, akulu-akulu n'kuimitsa mwambo wa nyale. Madzulo kumwamba kunayera. Popanda wowalamula, anthu anayamba kuyatsa makandulo n'kuika pa mazenera ao, nyumba ndi nyumba, mpaka mzinda wonse unawala. Mpaka lero mabanja a ku Lyon amaikabe makandulo pa mazenera tsiku limenelo, ngakhale mapulojekita amphamvu ali pa nchito m'mabwalo.

Panalibe kampani imene inalipira usiku umenewo. Panalibe dzina la munthu pa cipupa. Kandulo iliyonse inagulidwa ndi mwini zenera. Muyeso ndi umenewo, acinyamata anzanga. Kuwala kwa pa cipupa ca anthu onse kukhale kocokera kwa anthu ndi konena za anthu. Kukakhala kwa wogula usiku wathu kuti atigulitse njuga, tengani tochi yanu.

Zokambirana pa gulu lanu

1. Werengani zikwangwani zimene mumaona kucokera kunyumba kufika ku chalichi. Ndi zingati zimene zikugulitsa mowa kapena njuga?
2. Kodi anthu a ku Sydney anacita bwino kusokoneza cionetsero cimene boma linaloleza? Fotokozani.
3. Mutapatsidwa cipupa cacikulu m'dera lanu kwa usiku umodzi, mungaonetsepo ciani, ndipo mungayambe mwafunsa ndani?