Pulogalamu Ndi Yaulere, Nanga Thukuta la Mmisiri?

Pa msonkhano wina wa akuluakulu a parishi panabuka mkangano umene sitinauiwale. Mnyamata wina anadzutsa kompyuta yakale ya mu ofesi poikamo Ubuntu ndi LibreOffice, mapulogalamu amene munthu aliyense angatenge pa intaneti osalipira ngakhale ngwee imodzi. Atatha masiku atatu akulimbana ndi makina osindikizira ndiponso kuphunzitsa mlembi, anapereka kalata yopempha malipiro. Mkulu wina anaimirira nati: "Mwana uyu afuna kutigulitsa cinthu cimene iye anangotola."

Nkhawa ya mkuluyo tiimvetsa, pakuti ndalama za parishi zimacokera m'manja mwa anthu osauka. Koma tiganiza kuti anasokoneza zinthu ziwiri, pulogalamu ndi nchito ya munthu.

Mwambo wogawana mapulogalamu mwaufulu unalimba ku America m'caka ca 1983, pamene Richard Stallman wa pa sukulu ya MIT analengeza nchito yochedwa GNU. Cimene cinamuwawa ndi cakuti makampani anayamba kubisa malemba a m'kati mwa mapulogalamu, kotero kuti wogula sakanatha kukonza colakwika kapena kugawira mnzake. Iye anamenyera ufulu wogwiritsa nchito pulogalamu, wophunzira m'mene inalembedwera, woisintha, ndi woipatsa ena. Kulandira ndalama sanaletse konse. Mwini wakeyo ankatumiza pulogalamu ya Emacs pa matepi kwa amene alipira madola 150. Cilolezo ca GPL, cimene cinatuluka mu 1989, cimalola munthu kugulitsa, malinga apereke kwa wolandirayo malemba a m'kati pamodzi ndi ufulu wonse umene iye analandira.

Ambiri akhala akudyera m'njira imeneyi poyera. Kampani ya Red Hat inalemera pothandiza mabungwe ogwiritsa nchito Linux, mpaka IBM inaigula mu 2019 pa madola mabiliyoni 34. Ubuntu yomwe inaikidwa mu ofesi muja inayamba mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinali ndi liu lomwe ife timati umunthu. Kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD aulere pa positi kufikira mu 2011, koma amene afuna akatswiri owayang'anira makina amalipira. Madzi a pa mjigo timatunga ulere, komatu mjigo ukafa timasonkha ndalama za wokonza, ndipo palibe amene amamunena kuti wagulitsa madzi.

Cinyengo cimakhalapo ndithu, ndipo ciyenera kuchulidwa. Mmisiri amene abisa kuti pulogalamuyo ndi yaulere, nalemba pa risiti mtengo wa cilolezo cimene sanagule, waba. Winanso amasunga yekha mau acinsinsi otsegulira kompyuta, kapena kuchera zinthu mwadala kuti pasapezeke wina wozikonza, kuti mwezi ndi mwezi muzimuitana. Ameneyu walandira mphatso ya ufulu naisandutsa msampha. Kwa ife colakwa cake ciposa ca uja wokweza mtengo, cifukwa wokweza mtengo mungathe kumusiya n'kupita kwa wina.

Koma cala cina ciloza ife olandira. Mu April 2014 munapezeka colakwika cacikulu, cochedwa Heartbleed, m'pulogalamu yaulere ya OpenSSL imene inkateteza zinsinsi za anthu pa mbali yaikulu ya intaneti. Pamenepo dziko linadzidzimuka kumva kuti pulogalamu yodaliridwa ndi makampani olemera cotere inali ndi munthu mmodzi yekha woigwirira nchito tsiku lonse, ndipo zopereka zinkangokwana madola pafupifupi 2,000 pa caka. Onse ankakolola, wopalira munda anali yekha. Makampani akuluakulu anayamba kusonkha ndalama ngozi itacitika kale.

Ku parishi kuja nkhani inatha madzulo ndithu. Anagwirizana kulipira mnyamatayo masiku ake atatu, ndipo anamupempha kuti pa risiti alembe momveka kuti mapulogalamuwo ndi aulere, mau acinsinsi awapereke kwa mlembi ndi kwa wapampando, ndiponso aphunzitse acinyamata ena awiri. Mkulu uja sanakhutire kwenikweni, koma ndiye amene anafunsa ngati mdzukulu wake angakhale mmodzi mwa awiriwo.